Nsalu Zimene Kezia Anayanika

Adotolo analemba mzerewo ndi bolopeni ya buluu, zala zinayi pansi pa bondo. Anauzunguliza mwendo wonse wa Langson pang'onopang'ono, monga achitira mmisiri pathabwa asanatenge sowo. Kezia, mkazi wa Langson, anali chiimire pafupi ndi khomo atanyamula jekete la mwamuna wake.

"Ndidzabweranso pakatha masabata atatu," anatero adotolo. "Chilondachi chikadzakhala kuti sichinabwerere m'mbuyo, tidzakutumizani kuchipatala chachikulu. Adzadula apa. Tikachedwa kuposa pamenepo, tidzataya munthu yense."

Langson anangoti, "Ndamva, bwana," ngati wauzidwa tsiku la msonkhano.

Chilondacho chinayamba ngati masewera. Mu Meyi, pokolola, Langson anaponda kachitsa m'munda mwake kufupi ndi Shikabeta, ndipo sanamve n'kupweteka komwe, poti matenda a shuga anali atamupha mapazi kalekale. Pofika mu Ogasiti chinali chitachoka kuzala n'kukwera pamwamba pa phazi mpaka pakakolo. Mapilisi anamwa, jakisoni anabayitsa, koma tizilombo ta m'chilondamo tinali titazolowera zonsezo. Langson anali munthu wa njinga. Kuyambira ali mnyamata ankanyamula matumba a chimanga, mbuzi, ngakhale odwala, kupita nawo kumsewu waukulu. Tsopano njingayo inali itatsamira khoma, matayala ataphwa.

Kezia sanathe kuuyang'ana kawiri mzere uja. Anatuluka, nazungulira kuseri kwa kiliniki, nakhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi thanki yamadzi. Sanalire. Anangokhala, jekete lili pamiyendo, akuyang'ana nyerere zikukoka chiwala chakufa. Sanadziwe kuti wakhalapo nthawi yaitali bwanji. Pobwerera anapeza Langson atakwera kale pangolo ya a Fyson, mnansi wawo, kabokosi kali m'manja, nesi Chimuka akumaliza kulankhula naye.

Nesi Chimuka anali mayi wochepa thupi wochokera kumwera, mmodzi wa antchito amene anatumizidwa kuno Rufunsa itakhala boma payokha. Chinyanja chake chinali chothamanga, cha ku Lusaka.

"Amai, mwabwera? Zonse ndawafotokozera ba Langson, asaina ndi pepala. Ndi mankhwala atsopano ochokera kwa ofufuza, tikuwayesa chabe. Nsalu imodzi tsiku lililonse. Ndidzafika kumudzi sabata yamawa kudzaona." Amayi a sikelo anali kumudikira pamzere, ndipo nesiyo anathamangira mkati.

Panjira Kezia anatsegula bokosilo. Munali mapaketi akuda bii, omata mbali zonse, makumi awiri ndi limodzi.

"Akuti bwanji, atate a Mwiza?"

"Tikakambirana kunyumba," anatero Langson, akuloza ndi mlomo msana wa a Fyson.

Kunyumba anapeza Estina, mlongo wake wamkulu wa Langson, akuwadikira pakhonde. Anali wamasiye, nyumba yake inali kuseri kwa khola. Atauona mzere uja anakhala pansi, manja ali pamutu.

"Ndinanena ine. Mwakhala mukuchionetsa kwa aliyense, kukiliniki uko pamzere, atsikana akusuzumira. Chilonda sichikhala pamaso pa anthu. Munthu wotentha, amene wadzuka pamphasa imodzi ndi mwamuna wake, akachiyang'ana chimanyeka. Amayi athu atapsa ndi phala anachirira m'nyumba, mwezi wathunthu osaponda pabwalo."

Zimenezi kumudziko aliyense ankazidziwa. Wachilonda amakhala m'nyumba, chitseko chotseka, ndipo obwera kudzazonda amapereka moni ali panja. Tsono nyumba ya Langson inali m'mbali mwa njira ya kupampu, imene amayi a mudzi wonse ankadutsamo m'mawa ndi zigubu zawo. Panalinso fungo. Langson anali mkulu wa mpingo, munthu wosita malaya ngakhale popita kuchigayo, ndipo fungolo linkamupweteka kuposa chilonda chenichenicho.

M'mawa mwake Langson anamuitana Kezia kuchipinda. Anang'amba paketi imodzi. Munali kansalu kofewa konga bandeji, kukula kwake ngati mpango wa m'thumba, mtundu wake ngati wa jivi wopaka pazilonda za ana. Pamwamba pake panali ufa wosalala womatirira ku ulusi.

"Nsaluzi zimagwira ntchito ndi dzuwa," anatero Langson. "Popanda dzuwa n'chisanza chabe."

"Ndiye muzituluka panja?"

Langson anayang'ana kuzenera, kumene kunkamveka kuseka kwa amayi opita kupampu. Kenako anayang'ana nyale ya sola imene inali patebulo, imene mwana wawo Mwiza anawatumizira kuchokera ku Chongwe.

"Amake Mwiza, nyale iyi timatani nayo masana?"

"Timaiika padenga."

"Nanga dzuwa likalowa?"

"Timailowetsa."

"Imawala?"

"Imawala."

"Ndiye basi. Nsalu idye dzuwa panja, ikakhuta muilowetse, tiike pachilonda. Mwendo ulibe chokachita pabwalo."

Kezia zinamumvekera bwino. Ndi mmene ankachitira ndi foni, ndi mmene ankachitira ndi wailesi. Komanso chaka cha kolera azaumoyo anayenda mudzi wonse kuphunzitsa kuti mbale ndi nsalu ziziuma pathandala, poti dzuwa limapha tizilombo. Sanafunse ngati mawu a nyalewo anali a nesi kapena a Langson. Pa zaka makumi atatu za ukwati wawo, Langson anali asanamunamizepo ngakhale pa za mchere.

Anachotsa mbale pathandala, nalitsuka ndi sopo, nayalapo chitenje chochapa. Kansalu kaja anakatambasula pakati, natsindira ngodya zake zinayi ndi timiyala totsuka. Dzuwa litafika pamutu anakalowetsa kali kofunda, mtundu wake utachepako pang'ono, namangira paphazi la Langson mumdima wa m'chipinda.

Tsiku lachiwiri anachedwa kumunda kozula mapesi, ndipo pobwera anapeza nsalu ya tsikulo itayera mbuu. Poyamba anachita mantha, koma anakumbukira kuti nyale ya sola ikadzaza, kagetsi kake kofiira kamasanduka kobiriwira. Ndiye kuti nsaluyi yadzaza, anaganiza motero. Nanga zinazo zizidikiriranji mumdima wa m'bokosi? Ngati dzuwa la tsiku limodzi lili ndi mphamvu, la masiku asanu liposa. Ndiponso utsi wa moto wolusa unali utayamba kuphimba kumwamba masana ena. Tsiku lachitatu anang'amba mapaketi otsalawo n'kundandalika nsalu zonse pathandala.

Koma anayi sanawang'ambe. Anawaika pansi penipeni m'sutikesi yachitsulo, kunsi kwa yunifolomu yake ya chigwirizano cha amayi. Sanachite kuganiza. Chilichonse cholowa m'nyumba mwake, kaya nyemba, kaya machesi, kaya sopo, Kezia ankapatulako pang'ono n'kubisa osauza munthu, monga mlimi apatulira mbewu asanayambe kudya.

Estina podutsa anaima n'kuyang'ana thandalalo.

"Mlamu, mwatsegula shopu ya mipango?"

"Ndikutchaja, mlamu."

"Mukamaliza munditchajireko msanawu. Wakhala pa kagetsi kofiira chichokereni mvula."

Anaseka onse awiri, kuseka koyamba pakhomopo chibwerereni kukiliniki.

Kuyambira tsikulo ntchito ya Kezia inali pathandala. Mame akauma ankaziyala. Masana ankazitembenuza ngati mfutso, kuti mbali zonse zidye mofanana. Nkhuku ikayandikira inkakumana ndi chitsononkho. Dzuwa likapendeka ankazisonkhanitsa m'beseni loyera n'kuvindikira. Poyala ankang'ung'udza nyimbo za kutchalitchi, ndipo amayi a kupampu ankamuyamikira kuti mkazi wosamala wodwala ndi ameneyo.

Sabata inatha nesi osabwera. Kunamveka kuti antchito onse a kukiliniki ali kumidzi ya kuchigwa kukapereka katemera wa ana. Chilonda sichinasinthe. Kenako chinayamba kusintha, koma moipa. Zala ziwiri zinada. Kufiira kunadutsa kakolo n'kuyamba kukwera msongolo. Mzere wa adotolo unali utafufutika ndi thukuta, koma Kezia ankauonabe pamalo pake, ndipo m'mawa uliwonse, akamamanga nsalu yatsopano, ankayeza ndi maso mtunda wotsala. Anaganiza kuti mwina dzuwa la pathandala likuchepa chifukwa cha mthunzi wa mpapaya. Anadula masamba a mpapayawo.

Pa tsiku la khumi ndi chimodzi, dzuwa litakwera, njinga yamoto inaima pabwalo. Kezia anali pathandala akutembenuza nsalu zisanu ndi ziwiri zimene zinatsala. Anapukuta manja m'chitenje namwetulira.

Nesi Chimuka anavula chisoti. "Mwauka bwanji, amai, pepani kuched..." Moni unathera pomwepo. Anayandikira thandala pang'onopang'ono.

"Izi n'chiyani?"

"Nsalu zija, ba nesi. Zakhuta bwino. Taonani kuyera kwake."

Nesi anatola imodzi ndi zala ziwiri, naitembenuza, naiyang'ana kuseri. Chisoti chinapulumuka m'khwapa mwake n'kugubuduka mpaka kukhola la nkhuku, ndipo palibe anachitola.

"Zakhala panja masiku angati?"

"Izi, asanu ndi atatu."

"Nanga ba Langson amakhala padzuwa nthawi yanji?"

"Satuluka. Chichokereni kukiliniki sanapondepo pabwalo."

Nesi anaika dzanja pakamwa, nakhala choncho. Anayang'ana chitseko chotseka cha nyumba, anayang'ana thandala, anayang'ananso chitseko. Kumwetulira kwa Kezia kunatha pang'onopang'ono.

"Amai, khalani pansi."

Anakhala onse awiri pamtondo wogoneka. Nesi anathyola kachidutswa ka dothi la chiswe pamtengo wa thandala, nakaphwanya pachikhatho kuti Kezia aone timaenje ta mkati. Tsopano ankalankhula pang'onopang'ono.

"Ufa uli pansaluwu, kanjere kalikonse kali ndi timaenje ngati umu, koma tating'ono toti maso sangaone. M'timaenjemo akhazikamo mankhwala aja a mtundu wa jivi. Kuwala kukawagunda, amasandutsa mpweya umene uli pomwepo kukhala waukali, wopsereza tizilombo, ngakhale tija tokana mapilisi. Koma ukaliwo sukhalitsa. Uli ngati mbaliwali za moto, zimazimira pomwe zathethekera. Simungazitape m'mbale kupita nazo m'nyumba. Nsalu iyenera kukhala ili pachilonda nthawi imene dzuwa likuiwomba. Mphindi makumi awiri basi, kenako n'kuphimba. N'chifukwa chake mapaketi aja ndi akuda, kuti kuwala kusalowe nthawi isanakwane."

"Ndiye zoyerazi?"

"Mphamvu yake yathera pathandala. Zimene mwakhala mukumanga pachilonda ndi nsalu wamba, zodzaza fumbi la pabwalo."

M'dzanja la Kezia munali kamwala kamodzi mwa timiyala totsindira tija. Anakayang'ana ngati sakudziwa kumene kachokera. Patsogolo pake mpapaya unali chiimire wopanda masamba.

"Ba Langson ndinawauza zonsezi," anatero nesi motsitsa mawu. "Kawiri. Anabwereza okha ine ndikumva."

Kezia anadzuka nalowa m'nyumba, nesi akumutsatira. M'chipindamo munali mdima ndi fungo lolemera. Langson anali atakhala pabedi, Baibulo lili pamiyendo lotseka. Mawu a panja anali atawamva onse, poti thandala linali pafupi ndi zenera.

"Atate a Mwiza, za nyale ya sola zija anakuuzani ndi ba nesi?"

Langson anasisita chikuto cha Baibulo ndi chala chachikulu. "Ndinaganiza ndekha. Ndinaona ngati n'chimodzimodzi."

"Munaganiza nokha."

"Ndikanakhala bwanji pabwalo, amake Mwiza? Fungo ili, akazi a eni ake akudutsa, ntchentche zili ng'waa. Ndiye zija ananena alongo anga..."

"Ine ndimazitembenuza ngati mfutso," anatero Kezia. Mawu ake anali otsika, osanjenjemera. "Ndimagenda nkhuku. Ndadula mpapaya. Masiku onsewa ndakhala ndikuwotcha mwendo wanu pathandala, kwinaku ndikuimba nyimbo, inu muli apa mukundimvera pazenera."

Zikuoneka kuti mpaka nthawi imeneyo Langson ankakhulupiriradi za nyale ija. Nkhope yake inagwa ngati ya munthu amene wafika pamunda n'kupeza njovu zadutsamo.

Nesi anakankha zenera, navala magolovesi, namasula nsalu ya tsikulo. Anayang'ana nthawi yaitali. Anadina msongolo ndi chala pamene kufiira kunalekezera, nayang'ana dzenje limene chalacho chinasiya. Kenako anatuluka, nakakwera pachulu cha kuseri kwa khola, pamene foni imagwira. Kezia ankamuona pazenera akulankhula, dzanja lina lili pachipumi. Pobwerera anaima pakhomo la chipinda.

"Kulibe zina. Bokosi lotsatira lidzafika mwezi wamawa, adotolo atabwera kale." Anayang'ana Kezia. "Nanenso ndinalakwa. Tsiku lija ndikanakudikirani, amai, ndikanakuuzani inuyo. Ndipo ndikanabwera msanga."

Kezia anagwada pafupi ndi sutikesi yachitsulo. Anatulutsa bulangete, anatulutsa yunifolomu ya chigwirizano, anatulutsa kathumba ka nyemba ndi mabokosi awiri a machesi. Pomaliza anatulutsa mapaketi anayi akuda, osang'amba, nawaika pabedi.

Nesi anawatola limodzilimodzi, akupapasa m'mbali momata.

"Munabisa?" anafunsa Langson.

"Ndimabisa chilichonse. Mumayesa machesi a mu Febuluwale amagwa kumwamba?"

Nesi anaseka pang'ono, misozi ili m'maso. Kenako anayeza chilonda ndi chikhatho. Anati nsalu iliyonse aidula pakati, muno mumdima, theka linalo n'kulibwezera msanga m'paketi yake. Zikwanira masiku asanu ndi atatu mwa khumi otsalawo. Iye azibwera tsiku lina lililonse kudzatsuka ndi kuchotsa mnofu wakufa, kaya kuli katemera kaya kulibe.

"Sindikulonjeza kanthu. Masiku amene apita, apita. Koma mwendo utuluke panja. Dzuwa la pazenera ili silikwana."

"Panja, pamaso pa anthu?" Anali Estina. Anali atafika mwakachetechete n'kuima pakhomo, ndipo anali atamva zokwanira. "Ndiye kumumaliza kumeneko. Njira ya kupampu iyi, theka la akazi odutsa apa ndi apabanja, ena akwatiwa dzulodzuloli."

"Amai, tizilombo sitibwera ndi maso a munthu," anatero nesi.

"Inu ndi a kumwera, mwana wanga. Kwanu mwina maso ndi ozizira."

Langson anangowerama. Kezia anaona kuti nkhaniyi ikapita motere, mawa lidzafika mwendo uli m'nyumba. Anayang'ana pazenera lotsegula lija. Kumapeto kwa bwalo kunali bafa lawo, mpanda wa udzu mbali zonse, pamwamba pali pululu.

"Mlamu, mukamasamba amakuonani ndani?"

"Mulungu ndi akabawi. Bwanji?"

"Dzuwa limalowa?"

Estina anayang'ana bafalo. Anayang'ana mlongo wake pabedi, ndi mwendo wotupa uja umene anali asanauonepo poyera chiyambire sabata yatha.

"Udzu umene ndimati ndifolerere khitchini uli kuseri kwanga," anatero pomaliza. "Mitolo isanu ndi umodzi. Koma osamanga pafupi ndi bafa, pali chinyezi."

Anamanga tsiku lomwelo, pamalo ouma kuseri kwa nyumba. A Fyson anadula mitengo n'kukumba maenje, osafunsa kuti bafa lachiwiri ndi la chiyani. Kezia ndi Estina anamangirira udzu ndi luzi, wothinana kuti pasakhale posuzumira, wautali kupitirira mutu wa munthu. Pansi Kezia anazira ndi dothi, nayala mphasa yatsopano. Nsalu zoyera zija nesi anaziika m'pulasitiki kuti akazionetse kwa eni ake a kafukufuku. Thandala linatsala ndi timiyala tokhatokha, ndipo Kezia sanabwezerepo mbale mpaka sabata inatha. Ankaziumika pamkeka.

M'mawa mwake, dzuwa litakwera pamwamba pa mpanda, amayi awiriwo anamugwira Langson m'khwapa n'kumutulutsa. Kuchoka pakhomo kufika kumpanda anali mapazi khumi okha, koma Langson anaumirira kufunda chitenje kumutu. Mkati anakhala pampando, phazi lili pa njerwa yokutidwa ndi nsalu yochapa. Atachotsa chitenje anatsinzina. Khungu lake linali litatuwa ngati mbatata ya pansi pa bedi.

Kezia anatulutsa theka la nsalu m'paketi yakuda n'kuliyala pachilonda mofulumira monga nesi anamusonyezera. Padzuwa mtundu wa jivi uja unkaoneka wowala kwambiri. Anaika foni pamphasa kuti aziona nthawi. Palibe chimene chinachitika choti maso n'kuona. Sipanatuluke utsi, sipanamveke phokoso. Kunja kwa mpanda Estina anakhala pakhomo ndi lichero la nyemba, ndipo aliyense wochedwetsa phazi panjira ankamva, "Pitani, mulibe filimu muno."

Masiku amenewo Kezia sankalankhula zambiri ndi mwamuna wake. Ankamusambitsa, ankamupatsa chakudya, ankamutulutsa ndi kumulowetsa. Mkati mwa mpanda ankakhala moyang'anana mphindi makumi awiri, iye maso ali pafoni, Langson maso ali paphazi. Tsiku lina Langson anati, "Amake Mwiza," ndipo Kezia anati, "Zatsala mphindi zisanu ndi imodzi," nkhani n'kuthera pomwepo.

Pa tsiku lachinayi ntchentche zinachepa. Pa lachisanu Estina polowa ndi madzi ananunkhiza m'mwamba, nayang'ana Kezia. Kufiira kunayamba kutsika msongolo, kunafika pakakolo, kunaima. M'mbali mwa chilonda munaoneka mnofu wofiira ngati mkati mwa gwafa. Nesi ataona anagwedeza mutu movomereza, koma sanamwetulire, poti zala zakuda zija zinali zitakhala zitatu, zouma ngati nkhuni. Nsalu ya chisanu ndi chitatu itatha, masiku awiri otsalawo anamanga bandeji wamba. Langson anapemphabe kuti azimutulutsa.

Tsiku la adotolo anapitanso pangolo ya a Fyson. Ulendo uno Kezia sanaime pakhomo. Anakhala pabenchi pafupi ndi mwendo, jekete ataliika pambali.

Adotolo anamasula bandeji, nayang'ana, nafunsa nesi mafunso angapo m'Chingerezi. Nesi anayankha motalika, maso ali pansi. Adotolo anayang'ana Langson, kenako Kezia, natulutsa bolopeni ija m'thumba la malaya.

Anaika chala pansi pa bondo, pamene panali mzere wakale, nadina. Chala chinatsika pamsongolo, chikudina n'kudikira, chikudina n'kudikira. Chinafika pakakolo, chinazungulira, chinachedwa pamenepo. Kenako chinapitirira. Bolopeni inakhudza khungu pakati pa phazi, nidutsa mopingasa kuchokera mbali ina kufika mbali ina.

"Zala zonse zipita, ndi kachigawo aka kakutsogolo," anatero adotolo. "Apa palibenso chopulumutsa. Chidendene ndi kakolo zitsala, ngati mupita kuchipatala chachikulu Lachinayi lomweli osazengereza."

Langson anauyang'ana mzere watsopanowo. Anagwedeza zala ziwiri zimene zinali zamoyo, chachikulu ndi chinzake, zomwe nazonso zinali kutsogolo kwa mzere.

"Bwana, tikanayamba bwino tsiku loyamba lija, zala zikanatsala?"

"Sindingadziwe, bambo. Mankhwalawa ndi oyesa. Mwina zikanatsala, mwina ayi."

Nesi anayamba kumanga bandeji yatsopano, ndipo mzere uja unaphimbika.

Pobwerera anayenda mtunda wautali pangolo. Ng'ombe zinkakoka mwaulesi, a Fyson akuziimbira mluzu. Atadutsa pamtsinje wouma, Langson anatsokomola.

"Amake Mwiza, njinga imapalasika ndi chidendene?"

Kezia anayang'ana phazi lomangidwalo, limene linkagwedezeka pamtolo wa udzu ngolo ikagunda mwala.

"Ipalasika. Koma matayala aja aphwa, ndipo sindipopa ine."

Langson anagwedeza mutu movomera.

"Chinanso," anatero Kezia. "Lachinayi, adotolo a kumeneko akamalankhula, ine ndidzakhala pomwepo, ngakhale atatulutsa sowo ine ndikuona. Inu ntchito yanu ndi kudwala. Zomvera malangizo mundisiyire."

"Ndamva, amake Mwiza."

Kezia anatenga jekete lija nalifunditsa paphazi, kuti fumbi la panjira lisalowe.